Khomo Lothawira Apongozi

Iwe Yusufu, tsitsa thumba la simentilo lisanakuthyole msana. Ndamva zimene mumanong'onezana ndi mlongo wako dzulo masana. Mukuti kakhomo ka kumbuyo aka n'konyansa, n'kakafupi, kamalowetsa mphepo, ndiye mukufuna kukatseka ndi njerwa kuti nyumba ya agogo ioneke ngati za ku Dwangwa kumene ukugwira ntchito. Chabwino. Koma takhalani kaye pansi nonse awiri. Asiyatu, foniyo iike m'thumba, sithawa. Ndikuuzeni za kakhomoka, kenako muona nokha chochita ndi simenti yanuyo.

Ana inu mumayesa ine ndinamera pano ngati mgwalangwa uli apowu. Ayi. Kwathu ndi ku Dwambazi. Kuno ku Bua ndinabwera ndili mnyamata wa ndevu zitatu, wapansi, masiku awiri, nditanyamula mkeka ndi chinangwa chowotcha m'kathumba. Za minibasi zanuzi kunalibe. Ukafika pa mtsinje wodzadza unkakhala pansi n'kumaudikira uphwe, poti mtsinje sauuza zochita. Chimene chinandibweretsa ndi nsomba ya mpasa. Nthawi yake ikakwana inkakwera mtsinje uno yambirimbiri, ndipo munthu wa mono ndi manja olimba sankagona ndi njala. Mpasa imene mumagula lero pamsewu ija, yowonda ngati lamba, ndi zidzukulu chabe za imene ndikunenayi. Ija unkati ukaiika pamoto, mafuta ake n'kumazimitsa makala.

Agogo anu aakazi, a Hawa, ndinawapeza akuvuula chinangwa padziwe kumunsi uko. Ndinafunsa njira ya kudooko, ngakhale ndinkaidziwa bwino. Anandilozera, kenako anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ati ndinkalankhula ngati ndikuimba nyimbo, mmene timalankhulira ife a chakumpoto. Ndinakwiya kwambiri, moti m'mawa mwake ndinabwereranso kudzafunsa njira yomweyo. Pofika nthawi yokolola mpunga ankhoswe anali atakumana kale, shehe atadalitsa ukwati, ine ndili mkamwini m'mudzi muno.

Ukamwini wa nthawi imeneyo si wa masiku ano woti mwamuna afika ndi njinga yamoto n'kumaliza belu pakhomo pa apongozi. Mkamwini ankalima munda wa eni, kumanga pa malo a eni, kubereka ana a eni. Akuluakulu ankati mkamwini asakule mwendo. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse linali lakuti apongozi aakazi suonana nawo maso. Si chidani ayi, ndi ulemu. Mayi amene anakuberekera mkazi sungamayang'anizane naye ngati mnzako wa pabawo. Ukawaona akubwera m'njira unkapatukira kutchire, kaya kuli minga kaya kuli chitedze. Iwonso akakuona ankatembenuka n'kumayang'ana mtengo mpaka udutse.

Apongozi anga anali aNambewe, mayi wamasiye wa ana awiri, a Hawa ndi mlongo wawo a Twaibu. Zaka makumi awiri ndinawadziwa ndi zinthu zitatu basi: mapazi awo, chitenje chakuda cha madontho oyera, ndi chifuwa. Sikuti ankadwala. Ankatsokomola dala akamayandikira kwathu, kawiri, khu khu, kuti ine ndipeze pothawira. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana, ine ndili kuseri kwa mpanda ndikumva zonse.

"Zainabu, ukawauze abambo ako kuti mbuzi yawo yadya chigwada changa."

Mayi wanuyo nthawi imeneyo ali ndi zaka zitatu, akungoyamwa chala, sakudziwa n'komwe kuti watumidwa. Ine n'kuyankha kuseriko, "Zainabu, uwauze agogo ako kuti ndiimangirira."

Chaka chilichonse mvula ikamayandikira ndinkamva, "Zainabu, mawa ine ndikhala kumunda tsiku lonse." Pamenepo ndinkadziwa kuti denga lawo lafuna udzu. Ndinkapita m'mawa, kufolera, kusesa zinyalala, n'kuchokapo asanabwere. Madzulo ake pakhonde pathu tinkapeza mbale ya mtedza wokazinga. Palibe ananenapo zikomo kwa mnzake, koma tinkamvana.

Tsono nyumba yathu yoyamba inali yophoma, yaudzu, ya khomo limodzi. Tsiku lina nditabwera kunyanja ndinagona masana, ndiye chifuwa chija sindinachimve. Podzidzimuka, apongozi akhala kale pakhonde, pakhomo penipeni, akupeta mpunga ndi mwana wawo. Nkhani zawo zinayambira pa maliro a ku Kanyenda, zinadutsa pa mtengo wa mchere, zinakafika kwa anthu amene anafa ine ndisanabadwe. Ine m'katimo ndinali nditamwa thobwa chikho chathunthu ndisanagone. Usaseke, Asiyatu, iwe mavuto sunawaone. Agogo anu ankadziwa kuti ndili m'nyumba, ndipo ankawonjezera dala mafunso. "Nanga amayi, uja anakwatiwa ku Kasungu uja anatani?" Dzuwa litapendeka ndi pamene mayi aja ananyamuka. Ndinatuluka ngati mbuzi yodula chingwe, ndipo pobwerera ndinalumbira kuti nyumba imene ndidzamange ndi manja anga idzakhala ya makomo awiri.

Kulumbira sikuvuta, ovuta anali malata. Tinkalima mpunga wa faya kudambo, miyendo ili m'madzi kuyambira m'mawa, misundu ikutiyamwa. Tikapuntha, matumba ena anali akudya, ena tinkakagulitsa kumsika wa boma. Kumeneko mtengo unali umodzi, wosanenerera, ndipo usanalowe ankayamba akufunsa khadi la chipani. Chaka chabwino tinkagula malata atatu. Chaka cha madzi osefukira limodzi, kapena osagula n'komwe. Ndinkawasenza pamutu kuchokera kusitolo, nkata yokhuthala, ndipo mwera ukandipeza panjira unkandizunguliza mpaka anthu a m'minda n'kumaimika makasu kuti andionerere. Kunyumba tinkawaimika m'chipinda kuseri kwa nsalu. Agogo anu ankawapukuta ndi kansanza Lachisanu lililonse, ngati mbale za alendo.

Anthu ankatiseka. "Mkamwini kumanga ya njerwa pa malo a eni? Adzaisenza?" Ine ndinkangoyankha kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Funso lawolo linkangondidutsa m'khutu.

Njerwa tinaumba tokha pa chulu chimene chinali pamene pali mjigo pano. Ine kuponda dothi ndi kudzaza chikombole, iwo kutunga madzi, mwana ali kumbuyo. Uvuni tinauwotcha masiku atatu, utsi mpaka nsidze zanga zinapserera. Mmisiri poika chingwe cha maziko anandifunsa, "Nyumba ya zipinda ziwiri, khomo lachiwiri n'lachiyani?" Ndinati mangani basi, eni ake tikudziwa. Agogo anu anaseka kuseri kwa mtondo. Felemu yogula inali imodzi yokha, ya kutsogolo. Ya kumbuyoyi ndi chitseko chake ndinasema ndekha ndi kasemasema, kuchokera ku matabwa a boti lakale limene linatayidwa padooko. N'chifukwa chake n'kakafupi, matabwawo analekera pomwepo. Iwe Yusufu ukamagunda mutu apo uziimba mlandu boti, osati ine.

Chaka chimene tinkafolera ndi chomwe chija tinaima pamizere kusankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Mmisiri atakhoma n'kufika kumapeto anati malata aperewera awiri, mbali ya kumbuyo, pamwamba pa kakhomo kanga pomwe. Mvula inali pafupi, mpunga tinali titagulitsa kale. Ndinati tingofolerapo udzu, chaka chamawa tidzaona. Agogo anu anangopitiriza ntchito yawo. Patatha masiku anayi, pobwera kudambo, ndinapeza malata awiri atsopano atatsamira khoma. Ndinafunsa kumene achokera.

"Ndi ndalama ya mikeka imene ndakhala ndikuluka," anatero, maso ali pa lichero.

Ndinkadziwa kuti mikeka yawo singagule malata awiri. Koma mwamuna akapeza malata pakhomo pake safunsa kawiri.

Mvula yoyamba inagwa masana. M'nyumba yakale ija, mvula ikangoyamba tinkathamanga ndi miphika ndi mabeseni kutchera podontha, ufa kuukweza pampando, ana kuwaunjika pakona youma. Tsiku limenelo agogo anu atamva madontho anatola beseni mwachizolowezi n'kuima nalo pakati pa nyumba, apa pamene wakhala Asiyatupa. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, posowa poliika. Phokoso la padenga linali loti simungamvane. Anabwera pafupi n'kundikuwira m'khutu, "Abambo a Zainabu, tamvani, ikulephera kulowa." Anaseka, kenako misozi, beseni likadali m'manja. Pa moyo wanga wonse sindinasangalalepo ngati tsiku limenelo.

Kenako kunabwera matipate. Ndinavota nawo, ndipo ndinakondwa, wina asakunamizeni. Khadi lija linatha. Munthu unkatha kulankhula pabawo osayamba wayang'ana kumbuyo. Ana anakhamukira kusukulu yaulere, ena ndevu zitamera kale, n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Kaunjika anadzaza pamsika, ine ndinavala jekete koyamba, lolemera, la kumayiko ozizira, kuno kunyanja m'mwezi wa Okutobala. Thukuta linali kamukamu koma sindinalivule. Tsono walira mvula walira matope. Kwacha inagwa. Sopo amene wagula Lolemba, pofika Lachisanu wakwera. Msika wa boma unayamba kutsegula mochedwa, m'malo mwake kunabwera mavenda ndi masikelo awo okayikitsa. Ogula nsomba ankachokera ku Lilongwe ndi magalimoto n'kumagula usipa ukadali pathandala, usanaume n'komwe. Ndalama zinkayenda zambiri kuposa kale, koma sizinkagona m'nyumba ya munthu.

Chimene chinatidabwitsa kwambiri n'chakuti nyumba zinayamba kukhala ndi mtengo. Inu simungamvetse, poti munabadwa mukumva za mapuloti. Kale m'mudzi muno nyumba sinkagulidwa. Mlendo akabwera unkamulozera kanyumba kopanda munthu, iye n'kumakubweretsera nsomba akakumbukira. Mwini nyumba akamwalira, nyumbayo inkasiyidwa igwe yokha, pamalopo n'kumera maungu abwino. Koma tsopano aphunzitsi atsopano anabwera ambiri opanda pogona, ogula nsomba nawo ankafuna posungira katundu, ndiye tinamva mawu oti lendi. Munthu kumalipira mwezi ndi mwezi kuti agone. Poyamba tinkaseka. Kenako aliyense wa malata anayamba kuiyang'ana nyumba yake ndi diso lina.

Agogo anu anamva mvula pa malata awo madzinja awiri okha. Dzinja lachitatu lisanafike anadwala. Zinayamba ngati malungo wamba. Ndinawakweza panjinga kupita kuchipatala, tinabwerako, tinapitanso. Sabata yachitatu anatisiya, m'mawa, ndikungobwera kotunga madzi oti asambe. Mayi wanu Zainabu anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ang'ono ake awiri akadali osadziwa kanthu. Za masiku amenewo sindikuuzani zambiri. Mtima umandiwawabe mpaka lero, ndipo mvula ikamagwa masana ndimatuluka kukakhala pakhonde.

Pa mwambo wathu, ikatha sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi ija, ankhoswe amakhala pansi n'kumusudzula mkamwini. Amamuthokoza, n'kumuuza kuti ndi womasuka, abwerere kwawo. Amanyamula khasu lake, nkhwangwa yake, zovala zake. Ana ndi a mbumba ya mayi wawo, amatsala. Nyumba ili pa dothi la eni, imatsala. Kale za nyumbazo sizinkapweteka kwenikweni, poti inali yamatope, yoti pakatha madzinja atatu igwa yokha. Ine ndinali woyamba m'mudzi muno kusudzulidwa pa nyumba ya njerwa zowotcha. Funso lija la anthu, loti adzaisenza, linandifika tsopano.

Nthawi zina eni mudzi ankamulola mkamwini wamakhalidwe kukhalabe kuti alere ana ake. Ndinkadalira zimenezo. Koma arubaini isanakwane kunabwera bambo wina wogula nsomba, wa galimoto yoyera. Anaizungulira nyumbayi akugogoda khoma ndi kiyi. Atafika kumbuyo kuno anaima n'kumwetulira.

"Makomo awiri," anatero. "Kutsogolo golosale, kumbuyo lendi ya mphunzitsi. Amene anamanga nyumbayi ali ndi mutu wa bizinesi."

Ine ndinali nditaima pomwepo, koma sankalankhula ndi ine. Ankalankhula ndi a Twaibu, alamu anga, poti iwo ndiwo anali mwini mbumba. Kakhomo kamene ndinasema chifukwa cha ulemu ndi kamene kanakweza mtengo wa nyumba yanga.

A Twaibu musawaweruze, sanali munthu woipa. Mbumba yonse inali pamsana pawo. Nsomba zinali zitayamba kuthawira pakati, kumene bwato lopalasa silifika, ndipo amene anali ndi injini ndiwo ankapha. Anabwera okha kudzandipeza ndikusoka ukonde, anakhala pansi mwaulemu.

"Alamu, sindikukuthamangitsani. Koma taonani mmene zinthu zilili. Ndalama ya nyumbayi igula injini. Injiniyo idyetsa ana anu omwe, ndi fizi ya Zainabu itulukamo akapita kusekondale. Anawo abwera kwanga. Inu mukadali ndi mphamvu, ku Dwambazi mukakwatiranso."

"Ku Dwambazi kuli ndani wanga, alamu? Amayi anapita kalekale, munda anagawana. Zaka makumi awiri ndili kuno."

"Ndikudziwa. Koma mwambo sindinaupange ndine."

Sananame. Ndinangoti ndamva, poti mkamwini pabwalo la eni alibe pakamwa. Chimene chinkandidya si njerwa ayi. Ndinkaganiza zoti m'mawa uliwonse ana anga azidzuka m'nyumba ina ine ndili kutsidya kwa mitsinje, wamng'ono uja adzakula osandidziwa, ndipo pamene Hawa wanga anaima ndi beseni paikidwa sikelo ya munthu wa ku Lilongwe.

Masiku onsewo chifuwa cha apongozi sindinachimve ngakhale kamodzi. Anadzitsekera m'kanyumba kawo. Zainabu ankawapititsira chakudya n'kubwera nacho chosakhudzidwa. Ndinati basi, nawonso agwirizana nazo, ndi mwana wawo wamwamuna, angamukanize bwanji. Sindinawakwiyire. Ndinkangomva chisoni kuti ndichoka osawatsanzika, chifukwa ngakhale kutsanzikako ndikanatuma mwana.

Tsiku losudzula linafika, Loweruka m'mawa. Ndinamanga katundu wanga, khasu, nkhwangwa, kasemasema, ndi jekete lija. Kamtolo kake kanachepa moti ndinachita manyazi, zaka makumi awiri kukwana m'chitenje chimodzi. Zainabu anakhala pakona atakumbatira maondo. Panja ankhoswe anali atayamba kusonkhana pansi pa mango. A Twaibu ndi wogula uja anaima pakhomo la kutsogolo akuyeza khonde ndi chingwe.

Ndiye ndinamva chifuwa. Khu khu. Osati kutsogolo kumene ankadzera nthawi zonse, koma kumbuyo, pa kakhomo aka.

Miyendo inanyamuka yokha. Ndinalunjika kutsogolo, koma pakhomo panali anthu awiri aja ndi chingwe chawo chopingasa. Ndinabwerera. Chitseko ichi chinatseguka. Ndinagwada pansi n'kuyang'ana khoma, ndipo ndi ngodya ya diso ndinaona mapazi aja akulowa. Anthu onse amawerama polowa apa, iwo okha analowa chiimire, anali aafupi. Anatula mkeka wopinda, birika lawo la tiyi, ndi nkhuku yomanga miyendo. Anayala mkekawo pansi pomwepa n'kukhala.

"Zainabu, kaitane amalume ako."

A Twaibu analowa, ataona mayi awo anagwada. "Amayi, mwalowa bwanji muno alamu alimo?"

"Ndalowera pakhomo. Iwe Twaibu, tayang'ana kumwamba. Malata awiri akumapetowa ukuwaona?"

"Ndikuwaona."

"Mbuzi yanga yaikazi ija, yamawanga, imene unaifunafuna sabata yathunthu n'kumati aba anyamata a kutsidya, ndi imeneyi. Ndinagulitsa ndine, ndalama ndinapatsa Hawa. Mwana wanga sakanagona theka malata theka udzu ine ndili moyo. Tsono ndakalamba, kwanga kukudontha, wondifolera chaka chino anali pamatenda. Ndabwera kudzagona pansi pa mbuzi yanga. Kamuuze bambo wa galimotoyo kuti akagula nyumbayi agule ndi ine ndemwe. Umuuzenso kuti ndimadya katatu patsiku."

A Twaibu anakanda m'mutu. "Amayi, za injini ija tinakambirana."

"Unakamba wekha, ine ndinali ndikulira. Injini idzabwera pa nthawi yake. Nyumba imene anafera mlongo wako sigulitsidwa ine ndikupenya."

"Nanga alamu? Ankhoswe akudikira panja."

Nkhuku ija inaphiriphitha pamkeka. Kenako ndinamva, "Zainabu, uwauze abambo ako..." Mawuwo anathera panjira. Anapuma kwambiri, n'kunena, "Ayi. Ndatopa nako kutuma mwana. Abambo a Zainabu, tembenukani."

Sindinatembenuke. Khosi linakana.

"Tembenukani. Amene tinkachitirana manyazi chifukwa cha iye wapita. Tatsala anthu awiri omulira, ndiye tizithawana mpaka liti? Ndinabereka ana awiri, mmodzi Mulungu watenga. Inu mukhale m'malo mwake. Mwana sasudzulidwa."

Ndinatembenuka pang'onopang'ono, ndikadagwada. Ana inu, zaka zonsezo sindinaganizepo kuti apongozi anga amaoneka bwanji. Kwa ine anali mapazi ndi chitenje. Nditakweza maso ndinaona nkhope ya Hawa. Mphumi yomweyo, mpata wa mano womwewo, nsidze imodzi yokwera pang'ono ngati akufuna kukuseka. Koma inali yamakwinya, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa mpango. Masiku makumi anayi onsewo ndinkadandaula kwa Mulungu kuti wandimana kumuona mkazi wanga atakalamba. Anandionetsa m'mawa umenewo, atakhala pamkeka pansi pa malata awiri aja. Ndinalira mokweza, pamaso pa alamu anga ndi mwana wanga, ndipo mayi aja anandigwira mutu ndi dzanja lawo louma n'kumangoti, "Basi, basi, bambo."

Nkhuku ija anadya ankhoswe ndi mpunga, n'kubalalika osasudzula munthu. Wogula uja anakulunga chingwe chake, anakagula malo kumsewu uko kumene kuli mashopu pano. A Twaibu anatha nyengo yonse ya mpunga akundipatsa moni wa pakamwa chabe, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa chaka chimenecho kunyumba kwawo kunavutadi. Injini anadzaipeza patapita zaka zitatu atasonkherana ndi anzawo awiri, ndipo woyamba kumuitana kuti akwere nawo ndinali ine. Fizi ya mayi wanu inatuluka mu mpunga ndi mpasa, movutikira, koma inatuluka.

ANambewe anakhala m'chipinda cha kumbuyo ichi zaka zisanu ndi zinayi. Analera ana anga, ine ndinkawatemera nkhuni ndi kuwagulira masamba a tiyi, amene ankadandaula kuti masiku ano ndi fumbi lokhalokha. Tinkakangana za mchere, za mbuzi, za ndale, ngati mayi ndi mwana wake. Khomo la kutsogolo sanadzerenso mpaka kufa kwawo, ankati lawo ndi ili. Ndipo nthawi iliyonse akamalowa ankayamba atsokomola kawiri. Ine, bambo wamkulu wa imvi, ndinkadzidzimukabe n'kuyamba kufunafuna nsapato. Iwo n'kumaseka mpaka kugwira m'mimba, mmene ankasekera mwana wawo padziwe paja.

Tsono Yusufu, simenti yakoyo kamatire kubafa, kwang'ambika kalekale ndipo palibe akuonako. Ndathokoza kuti unandikumbukira, mdzukulu wanga. Koma kakhomoka kasiye mmene kalili. Ungothira timafuta m'mahinjesimo, mukulira. Ndipo iwe Asiyatu, ukamasesa masana usamachikhome chitsekochi. Ndimakonda chikhale chotsegula pang'ono, chifukwa tsiku limene ndidzamvenso chifuwa chija chikundiitana pakhomopa, sindidzafunanso nsapato.